Polandira ndalama amati gulani

Kuno ku Johannesburg ndimapeza ya ufa popanga makadi a ukwati ndi zikwangwani pa kompyuta. Pulogalamu imene ndimagwirira ntchito ndinailipira ndi ndalama za thukuta langa, ndipo batani limene ndinadina linkati gulani. Mwezi watha yangodzitseka. Nditaimba foni, mtsikana wa kukampaniko anandiyankha mwaulemu kuti pulogalamuyo sinali yanga chiyambire, ndinangolipira chilolezo, ndipo chilolezocho eni ake akhoza kuchilanda. Akuti ndizilipira mwezi ndi mwezi. Makadi a mayi wina amene akukwatitsa mwana wawo atsekeredwa momwemo.

Abale anga, mtima ukundiwawa. Makampani oterewa ndi amene amatcha mnyamata wokopera pulogalamu kuti mbava, mpaka kumuika gulu limodzi ndi achifwamba a panyanja olanda zombo ndi mfuti. Mu 2004 a mafilimu anayamba kuika uthenga koyambirira kwa ma DVD wofanizira kukopera filimu ndi kuba galimoto. Koma wakuba galimoto amasiya mwiniwake akuyenda wapansi, pomwe wokopera samulanda mwini chimene ali nacho. Khoti lalikulu la ku America, pa mlandu wa Dowling mu 1985, linagamula kuti nyimbo zokopera popanda chilolezo si katundu wakuba. Kulakwa n'kulakwa ndithu, ndipo wolemba pulogalamu ayenera kudyerera luso lake, zimenezo sinditsutsa. Chikundipweteka n'chakuti mawu oopsawa amasungira osauka okha.

Nanga iwo akalanda amati chiyani? Kampani ya Ubisoft inathimitsa ma server, makompyuta ake oyendetsa masewera a pa intaneti otchedwa The Crew, kumapeto kwa Marichi 2024, masewera amene anthu ankagula kuyambira 2014. Kenako inawachotsanso m'maakaunti a ogula. Pamenepo eni kampaniyo sanatchule za kuba. Anangoti chilolezo chatha, basi.

Chinyengochi chinafika poipa moti ku California anakhazikitsa lamulo la AB 2426, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2025. Limaletsa kulemba kuti gulani pa zinthu za pa intaneti osamuuza munthu poyera kuti akungolipira chilolezo. Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa masewera a pa kompyuta, nayo inayamba kuchenjeza ogula asanalipire. Koma lamulolo ndi la ku California. Ife kuno tikudinabe batani lomwelo, kulipira ndi ma rand amene tikanatumiza kumudzi kuti agule feteleza.