Kalabu ndi yanu, lipirani nokha

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Dzulo ndili kometetsa ku Katoto kuno ku Mzuzu, bambo wina, kiyi wa galimoto akumuzunguza pachala, amatiuza mopanda manyazi kuti khonsolo ya mzinda izipereka ndalama ku kalabu yawo chaka ndi chaka. Akuti denga la holo likudontha, makina otchetchera kapinga anafa, ndipo kalabuyo akuti imakongoletsa mzinda. Ndinawafunsa kuti, bambo, kodi Loweruka ndingabwere ndi ana anga adzasewere pa kapingapo? Anaseka. Akuti pamafunika ukhale membala, ndipo umembalawo amachita kukuvomereza a komiti.

Ndiye ndalama zathu zilowe pageti pomwe eniakefe akutibweza? Ayi. Zimenezo ayi.

Ndalama za khonsolo sizigwa ndi mvula. Ndi za mayi uja wa ku Zigwagwa amene amadula chiphaso cha msika m'mawa asanagulitse ngakhale mulu umodzi wa tomato. Tsiku limene malonda avuta, tomato n'kuyamba kufewa m'beseni, chiphasocho walipira kale, palibe womubwezera. Ndi za mnyamata wa kaokala amene amadulitsa laisensi. Ndi za agogo a ku Chibavi omwe amalandira kalata ya msonkho wa nyumba pamene penshoni yawo siikwana ndi thumba la chimanga lomwe. Anthu amenewa atchetchere kapinga wa mabwana? Kapinga amene akamuyandikira mlonda awafunsa kuti mukufuna ndani?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Denga likudontha pamutu panu, sonkhani. Muli ndi ndalama za umembala, muli ndi bala, maukwati mumachititsa pa holo yomweyo ndipo simuchititsa ulere. Ngati zonsezo sizikukwana, kwezani ndalama za umembala. Ngati mamembala akukana, ndiye kuti eniake omwe sakuifuna kalabuyo, nanga ife tiifunirenji?

Ndikudziwa ena anena kuti kalabu imalemba anthu ntchito, imabweretsa alendo. Chigayo cha ku Luwinga nachonso chimalemba anthu ntchito, koma lamba akaduka mwini wake sapita kukagwada ku khonsolo. Mwina makalabuwa anazolowera kuyambira nthawi ya atsamunda kuti boma ndi lawo, kaya. Ine sizikundikhudza.

Chimene chikundikhudza n'chakuti chinthu cha anthu onse chizipita kwa anthu onse. Mukafuna ndalama za mzinda, gwetsani geti. Mwana wa ku Mchengautuba alowe ndi mpira wake wa mapepala osafunsidwa khadi. Simukufuna? Chabwino, ndi ufulu wanu, malowo ndi anu. Koma musatambasule dzanja. Simungatseke geti ndi dzanja lamanja kwinaku lamanzere likupempha msonkho wathu.

Mzuzu unakhala mzinda mu 1985, koma pitani ku Chiputula kapena ku Zolozolo mvula ikagwa mukaone. Njinga za kabaza zimachita kukankhidwa, ana asukulu nsapato m'manja, matope mpaka m'mawondo. Ngalande zodzadza ndi mapepala a pulasitiki. Amene tinalipo mu Epulo 2016 tikukumbuka momwe mvula inagwetsera nyumba ku Masasa ndi madera ena, anthu n'kumagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Mzinda wa mvula ngati uno, kwacha iliyonse imene yapezeka ili ndi kopita kale: ngalande, milatho ya m'makwalala, zimbudzi za m'misika, galimoto zotola zinyalala, magetsi a mumsewu. Pamndandanda umenewu kapinga wa kalabu ali pati? Palibepo. Asayerekeze n'komwe kukhalapo.

Ndipo makhansala athu, chonde, pempho lotere likadzafika patebulo panu, musadzachite nalo manyazi chifukwa wolemba kalatayo mumamwa naye limodzi. Tinakuvoterani ndife, a kunja kwa geti.

Komanso ngati ndi nkhani ya masewero, bwanji osayamba ndi Mzuzu Stadium, kumene aliyense amalowa akalipira pakhomo, kumene timakaonera timu ya mpira ya Moyale Barracks? Nanga Youth Centre, malo a masewero a achinyamata aja takhala tikungowamva zaka zambirimbiri, ana amene ankayembekezera kudzaseweramo pano ali ndi ana awo. Achinyamata athu akusewera mpira pa mabwalo a sukulu a fumbi, zigoli za mitengo ya bulugamu, mabwalo enawo mukadzuka mupeza munthu wathirapo kale mchenga ndi njerwa akuti ndi poloti yake. Amagulitsa ndani malo amenewa?