Soda mu nkhwani wotendera, ayi ndithu

Nkhwani umene anthu anadya pa chinkhoswe china Loweruka lapitali wandikwiyitsa. Woterera ngati therere, wofiirira, mkamwa kumveka ngati sopo. Soda! Inu ophika pa zochitika, nkhwani unakulakwirani chiyani?

Nkhwani wanthete sufuna soda. Olo pang'ono, sufuna. Thyolani nsonga ndi masamba ang'onoang'ono, okhwimawo asiyeni m'munda. Sadzulani bwinobwino, ulusi wonse wa kumapesi uchoke, chifukwa ndi umene umalimbitsa ndiwo n'kukupangitsani kuthamangira soda. Tsukani musanadule, osati mutadula kale. Mu poto madzi akhale theka la kapu basi, awire kaye ndi mchere, kenako ikani nkhwani. Mphindi 5 kapena 7 wafewa. Ikani tomato awiri, ndipo pa milu iwiri ya nkhwani ya kumsika nsinjiro kapu imodzi yakwana. Wazani nsinjirozo pamwamba, vundikirani, musatakase msanga chifukwa zimakamatirira pansi n'kupserera. Nthunzi ikazinyowetsa ndiye takasani, moto wochepa, mphindi 10 mpaka fungo la mtedza wauwisi lithe. Soda walowa pati pamenepa?

Soda amapha mavitamini, makamaka C ndi B1, amapha kukoma, amapha ndi fungo lenileni la nkhwani. Mwana akudya ndiwo zamasamba koma phindu lake mwalitaya kale mu poto. Akuti makala adula ndiye akufuna zipse msanga. Kuthamanga sikufika.

Ndipo musanamizire makolo. Inde, agogo athu amacheza chidulo, phulusa la zitsononkho kapena makoko a nyemba m'kamphika kobowola pansi, madzi n'kumadontha pang'onopang'ono. Koma amadziwa ndiwo zake: therere, chigwada, mfutso wa mu chikwatu umene wauma gwa. Nkhwani wa dzinja wongothyola kumene sankauthira chidulo chodzaza chipande. Lero bonongwe soda, chisoso soda, khwanya soda, luni soda, zonse kukoma kumodzi. Kenako ana akakana masamba mukuti ndi onyada. Ayi, mwawawonongera ndinu ndiwo.

Nanunso ogulitsa nsinjiro zam'timapepala, lekani kusinja mtedza wa chuku ndi wofumbwa. Nsinjiro zowawa zija ndi mtedza wowola, ndipo poizoni wa chuku amawononga chiwindi, kuphika sikumuchotsa. Sankhani mtedza musanasinje!