Mukamaona ngati anzanu onse akuthamanga, inu nokha mwangoima

Munthu wadya mgonero bwinobwino, ana agona, palibe amene wamulakwira. Watenga foni kuti aone ma status a pa WhatsApp. Mnzake wa ku sekondale ali ku Cape Maclear, mapazi ali m'madzi. Wina wajambulitsa atagwira makiyi a galimoto. Wina akuthira konkire pa maziko ku Area 49, wina watsika ndege ku London. Pakutha mphindi khumi mtima walemera, tulo tathawa. Kwa ena zimabwera ngati kaduka: "Ameneyu ankakhala nambala yomaliza m'kalasi, zatheka bwanji?" Kwa ena zimabwera mwakachetechete ngati kudziderera: "Moyo wanga ndi wobowa, pagulu ndilibe nkhani yokamba."

Maganizo anga ndi akuti vuto limeneli silitha ndi kulalikirana kuti "khutirani ndi zomwe muli nazo." Munthu amavomera ndi pakamwa, usiku n'kuyambiranso. Limachepa mukaona masamu olakwika amene mutu wanu ukuchita, kenako n'kuipanikiza nsanjeyo ndi mafunso mpaka itatchula chinthu chimodzi chimene ikufuna ndi mtengo wake.

Kudziyerekeza ndi ena si tchimo la anthu ofooka, ndi chibadwa. Katswiri wa za maganizo Leon Festinger analemba mu 1954 kuti pamene palibe muyezo weniweni, munthu amadziyeza ndi anthu ena, makamaka ofanana naye. N'chifukwa chake chuma cha mpondamatiki wa ku Nigeria Aliko Dangote sichikusowetsani tulo, koma njinga yamoto ya mnyamata amene munkaweta naye mbuzi imakusowetsani. Chimawawa si kukula kwa chinthu, koma kufupika kwake. Ofufuza ena anaonetsa anthu mafilimu a opikisana pa masewera a Olympic a ku Barcelona a 1992, ndipo anapeza kuti amene anakhala nambala 3 ankaoneka osangalala kuposa amene anakhala nambala 2. Wachiwiri ankaganiza za golide amene wamuphonya pang'ono, wachitatu ankaganiza kuti akanatha kubwerera chimanjamanja.

Tsono taonani zimene foni imachita ndi chibadwa chimenechi. Tiyerekeze kuti muli ndi anzanu 600 pa Facebook, ndipo aliyense amapeza chinthu chachikulu chimodzi chokha pa chaka: ukwati, ntchito, digiri, mwana, ulendo. Zinthu 600 m'masiku 365 ndi pafupifupi ziwiri tsiku lililonse. Aliyense wa anthuwo miyezi khumi ndi umodzi yotsalayo amangodzuka, kupita ku geni, kubwera, kugona, ngati inu nomwe. Koma inu mumaona chikondwerero m'mawa ndi madzulo, mutu n'kumawerenga kuti anthu onse amakondwerera tsiku ndi tsiku. Kuwonjezera apo, makina a Facebook ndi Instagram amakankhira pamwamba chithunzi chimene anthu achikonda kwambiri, ndiye cha galimoto chimakupezani, cha munthu amene wangolemba kuti "mmawa wabwino" chimamira. Mu 1991 katswiri wina dzina lake Scott Feld anasonyeza ndi masamu kuti anthu ambiri ali ndi anzawo ochepa poyerekeza ndi amene anzawowo ali nawo, chifukwa munthu wotchuka amapezeka pa mndandanda wa anthu ambirimbiri pomwe wachete amapezeka kwa ochepa. Choncho amene mumawaona kawirikawiri ndi aja oyendayenda, osati anthu wamba.

Cholakwika chachikulu kuposa zonsezi ndi kuphatikiza. Mumatenga galimoto ya uyu, banja la uyo, thupi la wina, maulendo a winanso, n'kupanga munthu mmodzi amene sanabadwepo, kenako n'kudziyeza naye. Pamenepo simungapambane ngakhale mutakhala ndani.

Anthu amakonda kutonthozana ndi mwambi uja woti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nthawi zina ndi zoona: galimoto ndi ya ngongole, suti ndi yobwereka, amene ali ku Joni amagona anthu asanu m'chipinda chimodzi ndipo akaona apolisi mtima umagunda chifukwa mapepala anatha. Koma ine sindikulangizani kutsamira pa mwambi umenewu. Anthu ena zinthu zikuwayenderadi, banja lawo ndi lamtendere, ndalama ndi zawo. Ngati mtendere wanu ukudalira kuti mnzanu akhale ndi mavuto obisika, mudzayamba kuwafufuza mavutowo, ndipo tsiku limene mudzamve kuti wagwa mudzapeza kuti mwasangalala. Pamenepo kusirira kwasanduka njiru.

Ndiponso tisanamizane kuti zonse zili m'mutu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mphunzitsi kapena namwino amene malipiro ake sanakwere mofanana anabwereradi m'mbuyo popanda kulakwitsa kalikonse, pomwe banja lolandira ma rand kapena mapaundi kuchokera kwa m'bale wakunja linkaoneka ngati lalemera usiku umodzi. Poyambira pamasiyananso. Wina anapatsidwa puloti ndi makolo. Wina malipiro omwewo akulipirira fizi azing'ono ake atatu, kugulira feteleza amayi kumudzi, ndi kusamala ana a malemu achemwali ake. Zimenezi sizijambulidwa, koma ndi komwe kunapita nyumba imene akanamanga. Musanadzitche wolephera, lembani pa pepala anthu onse amene amadya kuchokera m'thumba lanu ndi ndalama zimene mwawonongera pa iwo chaka chathachi.

Nsanje ikasiyidwa osaifunsa, malo oyamba kuwononga ndi m'thumba. Ku Netherlands ofufuza anapeza kuti anthu oyandikana nyumba ndi munthu amene wapambana lotale ankagula galimoto zatsopano kwambiri kuposa anthu ena, chikhalirecho iwo sanapambane kanthu. Kwathu kuno zimaoneka pa chinkhoswe ndi pa ukwati, pa yunifomu ya mwambo uliwonse, pa foni yatsopano. Tiyerekeze mwabwereka K200,000 kuti Khirisimasi ya ana anu ifanane ndi ya aneba. Ngati banki m'khonde yanu imaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi, mu Januwale mubweza K240,000, mwezi womwewo wa fizi. Ngati ndi wa katapila wofuna theka pamwamba, ndi K300,000, ndipo mukalephera amadzanyamula TV kapena firiji. Ngongole yogulira katundu wa geni imadzibweza yokha. Ngongole yogulira maonekedwe imabwezedwa ndi chakudya cha ana.

Malo achiwiri ndi pakamwa. "Ameneyo anakhwima." "Ali ndi chizimba." "Mkazi ameneyo pali bwana amene akumuthandiza." Mawu otere amapha geni ya munthu, amaphwasula mabanja, ndipo m'midzi ina afikitsa anthu pomenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Si mwangozi kuti nyimbo ya fuko lathu imaika nsanje pa mzere umodzi ndi njala ndi nthenda. M'nyumba namo imalowa: "Amuna a anzanga akumanga, inu mukuchita chiyani?" "Taona mwana wa anebawa wakhoza bwanji." Mwana woleredwa ndi mawu amenewa amaphunzira kudana ndi mnzake uja, osati kukonda sukulu.

Nanga munthu atani? Yambani ndi sabata imodzi yongolemba. Nthawi iliyonse mtima ukawawa, lembani zinthu zitatu: nthawi, munthu amene mwamuona, ndi chinthu chenicheni chimene chakubayani. Osalemba kuti "zikumuyendera." Lembani kuti "ali ndi nyumba yakeyake" kapena "mwamuna wake amayenda naye." Pakutha sabata mudzaona kuti si anthu 600, ndi anthu atatu kapena asanu, ndipo nkhani yake ndi imodzi kapena ziwiri, nthawi zambiri usiku mutatopa kapena masiku a pakati pa mwezi m'thumba mutauma.

Mukawadziwa anthuwo, achotseni pamaso panu kwa kanthawi popanda kudana nawo. Pa Facebook pali Snooze, imene imabisa zolemba za munthu kwa masiku 30, ndi Unfollow, imene imazibisa mpaka mutafunanso, mwiniwake sauzidwa. Pa WhatsApp dinikizani status ya munthuyo kwa kanthawi n'kusankha kuibisa. Kenako onani nthawi imene mumathera pa foni: pa Android pitani ku Settings, Digital Wellbeing, pa iPhone ndi Screen Time. Ikani malire. Pa yunivesite ya Pennsylvania mu 2018, ophunzira 143 anagawidwa pawiri, ndipo gulu limene linachepetsa Facebook, Instagram ndi Snapchat kufika mphindi 10 pa chilichonse patsiku kwa masabata atatu linapezeka kuti kusungulumwa ndi kukhumudwa kwachepa poyerekeza ndi gulu linalo. Chimene chimalephereka kawirikawiri ndi kufufuta zonse mwaukali. WhatsApp ndi momwe mumamvera za maliro, za tchalitchi, za makasitomala, ndiye pakapita masiku awiri mumabwereranso ndi njala yaikulu. Malire ochepa amene mungawasunge ndi abwino kuposa lumbiro. Ndipo foni isamagone pamtsamiro. Itchajeni pabalaza.

Tsopano funso lolimba: kodi mukufuna moyo wonse wa munthuyo, kapena kachidutswa kokha? Amene akutumiza ndalama kuchokera ku Britain akugwira ntchito yosamalira okalamba mashifiti aatali, ena usiku, ndipo maliro a makolo amawaonera pa foni. Mukavomera zonsezo ndi mtima wonse, ndiye kuti mwapeza cholinga chanu, yambani kufunsa njira. Mukakana, nsanje imene ija yatha mphamvu, chifukwa simungatenge malipiro n'kusiya ntchito yake.

Chinthu chimene chatsala mutafunsa funsoli, chiikeni mtengo. Ambiri amasirira ulendo wa kunyanja zaka zisanu osafunsa n'komwe kuti basi ya ku Salima kapena ku Mangochi ndi ndalama zingati, malo ogona ndi zingati. Funsani, phatikizani, onjezerani gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa mitengo ikukwera, gawani ndi miyezi. Zikakhala K180,000, ndi K15,000 pa mwezi kwa chaka. Ndalamazo zisakhale pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene mumagulira bandulo ndi ndiwo, zidzatha osadziwa. Zipite ku chipereganyu kapena ku akaunti ina. Ngati ndi geni imene mukusirira, pitani kwa mwiniwake: "Achimwene, ndaona ntchito yanu, mwachita bwino. Munayamba ndi mpamba wochuluka bwanji? Katundu mumapikula kuti? Munaluzapo pati?" Kuyamikira mokweza kumavuta pakhosi koyamba, koma ndi njira yachangu yothyolera kaduka, ndipo anthu ambiri amamasuka akafunsidwa mwaulemu. Ena adzakubisirani. Funsani wina.

Za kuona ngati moyo wanu ndi wobowa, vuto nthawi zambiri si umphawi, ndi kubwereza. Ubongo susunga masiku ofanana, ndiye mukayang'ana m'mbuyo chaka chonse chimaoneka chopanda kanthu. Chinthu chimodzi chatsopano pa sabata chimakwanira, ndipo chikhale ndi tsiku ndi nthawi, apo ayi sichichitika. Alipo anthu obadwira ku Dedza amene sanakaonepo zojambula za pa miyala za ku Chongoni, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kapena malo a chikhalidwe ndi zaluso a Kungoni ku Mua. Alipo a ku Zomba amene sanakwerepo phiri limene amaliona tsiku ndi tsiku, a ku Blantyre amene sanalowepo mu myuziyamu ya ku Chichiri. Khalani ndi agogo madzulo amodzi muwafunse mmene anadutsira njala ya 1949 kapena ya 2002. Phunzirani kusoka, kukonza njinga, kuphika chakudya cha mtundu wina. Ndipo musachepetse zimene mukudziwa kale. Mayi wogulitsa tomato amene amadziwa mwezi umene mtengo umagwa ndi chifukwa chake ali ndi nkhani yokoma kuposa munthu amene anakafika ku Dubai n'kungobwerako ndi zithunzi.

Pali zina zimene sizigulidwa ndi kusunga ndalama: mwana, banja, thanzi, makolo amoyo. Mayi amene wakhala zaka akudikira pakati akamva kuwawa poona mimba ya mnzake, si munthu woipa, ndi munthu amene ali pa chisoni. Ali ndi ufulu wotumiza mphatso osapita ku mwambo. Achibale asiye kufunsa kuti "nanga inu liti?" Ndipo ngati papita miyezi 12 banja likuyesa osatheka, apite kuchipatala onse awiri, mwamuna ndi mkazi, chifukwa vuto limatha kukhala mbali iliyonse.

Chomaliza ndi kudziwa pamene si nsanjenso. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukomaninso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasintha, mukudziona wopanda pake, ameneyo akhoza kukhala matenda a kukhumudwa, ndipo kubisa ma status sikungawachize. Pitani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse wa za matenda a maganizo. Kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ngati maganizo ofuna kudzipha abwera, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo akuperekezeni kuchipatala.