Botolo la mayonezi si nyumba ya nsomba

Abale ine ndakwiya. Ndakhala ndikudziletsa kuyambira Loweruka kuti ndisalembe izi poti zikukhudza achibale, koma ayi zandikanika, wokwiya akwiye basi.

Loweruka ndinapita ku 25 kukaona achemwali anga. Ndisanatseke ndi geti lomwe mwana wawo wandithamangira, "ankolo ankolo bwerani mudzaone nsomba yanga, adadi andigulira pa befide!" Ine kusangalala, poti pamtundu pathu aliyense amadziwa kuti wamisala ya nsomba ndine. Kulowa pabalaza, pamwamba pa kabati ya TV, pakati pa sipika ndi chithunzi cha ukwati, botolo la mayonezi. Ndi pepala lake lomwe sanamalize kumatula. Mkatimo muli betta yaimuna, kansomba koweta kamene ena amakatcha nsomba yomenyana, ya buluu, yokongola zedi, kapena ndinene kuti inali yokongola. Madzi ngati otsukira mpunga. Pansi pali tinyenyeswa ta nsima tayamba kale kumera ubweya woyera. Nsomba yangoti phee pansi, zipsepse yapinda ngati ambulera yotseka, mchira wanyenyeka m'mphepete ngati chitenje chodyedwa ndi makoswe. Ndinapisamo chala, madzi kuzizira ngati achokera mu filiji. Mwezi wa Juni uno, Lilongwe yomweyi imene tonse tikugona ndi masokosi.

Ndifunse, "alamu, nsombayi mukuisunga momwemu?" Iwo osachotsa ndi maso omwe pa mpira, "aaa alamu musadandaule, wogulitsa uja anati zimenezi sizifa wamba, kwawo zimakhala m'zithaphwi, ndipo malo akakula zimasokonezeka mutu. Taonani, sabata yachitatu ino koma ili moyo."

Ili moyo. Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa tulo. Ili moyo nde kuti ili bwino? Munthu atakutsekerani m'chimbudzi masabata atatu, nkumakuponyerani mbamu pa kazenera, mufa? Simufa. Koma tikamatsegula chitseko tidzanena kuti munali pa holide? Kusafa ndi kukhala bwino ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo betta tsoka lake nlakuti imachedwa kufa. Ikanakhala nsomba ina m'botolo limenelija ikanayandama chagada tsiku lachiwiri anthu nkuphunzira. Iyi imapirira, nde kupirira kwakeko anthu akuyesa chilolezo.

Chimene chimaipangitsa kupirira nchakuti m'mutu mwake ili ndi kachiwalo kotchedwa labyrinth, kamene kamaithandiza kupuma mpweya womwewu tikupuma ife. Ndi chifukwa chake mumaiona ikukwera pamwamba, kuyasamula kamodzi, nkubwerera. Tonse timaudziwa mlamba, umatha maola uli kunja kwa madzi ukungophiriphitha m'dengu pamsika. Koma alipo amene anganene kuti dengu ndiye kwawo kwa mlamba? Palibe. Nanga bwanji pa betta nzeru yomweyi ikutithawa? Kupuma mpweya wa pamwamba sikuchotsa zoipa m'madzi, sikutenthetsa madzi, sikukulitsa botolo. Kumangotalikitsa mavuto basi.

Nkhani ya zithaphwi ija nayonso tiikambe, poti ndaimva kambirimbiri ndipo yanditopetsa. Nsombazi kwawo ndi ku Thailand, kumene kale kunkatchedwa Siam, ndi mayiko oyandikana nawo, ndipo ku Thailand komweko mu 2019 anaisankha kukhala nyama ya m'madzi yoimira dziko lawo. Zimakhala m'minda ya mpunga, m'madambo, m'ngalande zoyenda pang'onopang'ono. Amene munafikako ku Lifuwu ku Salima kapena ku Karonga nthawi ya mpunga mukudziwa mmene munda wa mpunga umakhalira. Madzi osazama inde, olekeza m'mawondo kapena kuchepera apo, koma kutambalala kwake maso amachita kutopa. Muli udzu, muli tizilombo, dzuwa likuwatenthetsa, mvula ikuwasintha. Chilimwe chikavuta madzi nkuphwa nsomba imatsalira pa kachithaphwi, zoona, koma pamenepo ikudikira mvula kapena imfa, sikuti yasankha. Nde ife tatenga nyengo ya chilala ya nsomba nkuisandutsa moyo wake wonse, kenako nkumati imakonda. Imakonda inakuuzani?

Zoti malo akakula imasokonezeka ndi bodza la mkunkhuniza. Yanga ili mu tanki ya malita 30 ndipo tsiku lonse imakhala ikuyendera malo ake ngati mlonda, kulowa m'zomera, kutulukira kuseri kwa mphika wosweka umene ndinaiikira, kukagona pa tsamba pafupi ndi pamwamba. Ndikalowa m'chipinda imabwera kutsogolo kudzavina poti imadziwa wobweretsa chakudya. Ya alamu ija ingavine bwanji poti ikatembenuka mchira ukugunda galasi.

Ogulitsa amanena zimenezi poti akakuuzani zoona simugula, ndipo pa Instagram nsomba ya mu vazi imaoneka bwino, basi nkhani yake ndi yomweyo.

Betta imodzi imafuna malita osachepera 20. Musachite mantha ndi nambala, ndi chigubu chija cha mafuta ophikira chimene timatungira madzi mipopi ikauma, chimodzi chokha. Botolo la alamu lija olo lita imodzi silikwana bwinobwino. Ndipo nkhani sikusambira kokha ayi. Nsomba imadya momwemo, kuchita chimbudzi momwemo, ndipo zonyansa zakezo pamodzi ndi chakudya chowola zimatulutsa amoniya, poizoni amene amawotcha nsomba pamene imapumira ndi zipsepse zomwe. Supuni ya mchere mu kapu ndi supuni ya mchere mu ndowa sizifanana. M'botolo amoniya amadzadza masiku awiri okha, ndipo saoneka ndi maso, madzi atha kuoneka oyera mbee nsomba ikupsa. Mchira wonyenyeka uja si ukalamba, ndi matenda a kuwola kwa zipsepse, ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi madzi oipa omwewa.

Mu tanki yabwino mumakhala fyuluta, ndipo ntchito yaikulu ya fyuluta si kusefa zinyalala zooneka ayi, ndi kusunga tizilombo tabwino tosaoneka timene timasandutsa amoniya kukhala nitrite kenako nitrate amene savulaza kwambiri. Tizilombo timeneti timatenga mwezi kapena kupitirira kuti tikhazikike, nde tanki imayenera kuyamba kuyenda nsomba isanabwere, osati kugula nsomba lero nkumafunsa poiika muli pa minibasi. Fyuluta yake ikhale yofatsa, ya siponji ndiye yabwino, poti betta ndi mchira wake wautali uja ili ngati mkwatibwi wavala velo, mafunde akachuluka imangokankhidwa uku ndi uku mpaka kutopa. Sabata iliyonse mumachotsa kota ya madzi nkuthira ena. Kota, osati onse. Achemwali anandiuza monyadira kuti iwo Lamlungu lililonse amaitulutsa nsomba ndi chikombe, kutsuka botolo ndi sopo wa mbale, nkuthira madzi a pampopi atsopano. Ndinangogwira kumutu. Sopo ndi poizoni kwa nsomba. Madzi a pampopi ali ndi klorini, kwa ife ndi wabwino poti amapha majeremusi, kwa nsomba ndi moto. Pali timankhwala todonthezera tochotsa klorini, kabotolo kamodzi kamakhala miyezi, apo ayi tungani ndowa ikhale tsiku lathunthu yosavundikira musanathire.

Tsopano kuzizira, pamenepa ndiye pamandipweteka kwambiri chifukwa anthu amati ku Malawi nkotentha, hita yotenthetsa madzi ya chani. Kotentha ndi ku Nsanje ndi ku Chikwawa abale. Lilongwe ili pamtunda, mamita opitirira 1,000, ndipo Juni ndi Julayi usiku kumatsika mpaka cha m'ma digiri 10, nthawi zina kuchepera. Betta imafuna madzi a madigiri pakati pa 24 ndi 28, usana ndi usiku, chaka chonse. Ilibe juzi, ilibe bulangete, thupi lake limatsatira madzi. Madzi akazizira imasiya kudya, chakudya sichigayika, imangokhala pansi, matenda nkulowa. Anthu nkumati nsombayi ndi yaulesi. Si ulesi, ikuzizidwa! Ndipo kapu ya tiyi imazizira msanga kuposa mphika wa phala, aliyense amadziwa, nde botolo usiku likuzizira msangamsanga, masana dzuwa likalowa pa zenera likutentha msangamsanga, nsomba ikungokwera nkutsika tsiku ndi tsiku. Ifike Okutobala botolo lili pa zenera muiphika yamoyo.

Alamu atamva za hita anadzuka pa mpando, "iii nde mayunitsi a magetsi?" Hita ya tanki yotere ndi ya mawatsi 25, yochepa mphamvu kuposa babu lakale lija la 60, ndipo imazizimitsa yokha madzi akafunda. TV imene munkaonera mpirayo ikudya zambiri. Magetsi akathima, poti timadziwa mmene zimakhalira, ndimafunditsa tanki bulangete, zikanyanya ndimayandamitsa botolo la madzi ofunda lotseka bwino. Madzi ambiri amasunga kutentha maola angapo. Botolo la mayonezi mulifunditsa chani chimene chingathandize?

Nsima. Abale nsima. Sikuti chilichonse chokhala m'nyumba ya Mmalawi chimadya nsima. Betta ndi yodya nyama, kamwa yake inaloza kumwamba dala kuti izitola tizilombo togwera pamadzi ndi mphutsi za udzudzu. Nsima, buledi, bisiketi, zimangoitupitsa mimba nkuwolera pansi. Pali chakudya chake cha timibulu, titatu kapena tinayi kawiri patsiku zakwana, kamimba kake nkakang'ono kwambiri. Mphutsi za udzudzu nde zaulere, dzinja lililonse zili mbwee m'matayala akale kuseri kwa nyumba, mukazitola mwapatsa nsomba chakudya chabwino mwachepetsanso udzudzu. Koma mwana anangouzidwa kuti uziipatsa chakudya, nde iye mwachikondi chake amaigawira mbamu yake. Mwana sindikumunena. Ndikunena akuluakulu amene anagula chamoyo ngati akugula chidole.

Tanki ikhalenso ndi chivundikiro poti zimadumpha, mudzaipeza m'mawa itauma kuseri kwa kabati nyerere zitaizinga, koma pasiyidwe mpata pakati pa madzi ndi chivundikiro kuti izipuma. Maluwa a pulasitiki olimba aja amang'amba mchira. Ndipo chonde amuna awiri malo amodzi ayi, dzina loti nsomba yomenyana silinabwere mwangozi, anthu a ku Siam ankazimenyanitsa pa juga kalekale. Alamu anati akuganiza zogula ina yofiira "kuti isamasungulumwe". M'botolo lomwelo! Ena ndawamva akuti aiika pamodzi ndi mbuna za kunyanja, mbuna zimene zimalumana zokhazokha, mchira umenewo ungagone?

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mwafuna nsomba yokongola pabalaza, landirani ndi tanki yake, hita yake, ndowa ya Lamlungu lililonse. Simungathe, palibe mlandu, gulirani mwana mpira. Palibe anakukakamizani. Betta yosamalidwa imakhala zaka zitatu, ina kupitirira, nde ngati zanu zikumafa pa miyezi iwiri nkumati zimenezi ndi mmene zimakhalira, ayi, sizikhala choncho, mukuzipha ndinu pang'onopang'ono.

Ndisadziyeretse, yanga yoyamba inafera mu vazi ya maluwa, Julayi wina, ndinaipeza m'mawa itatuwa. Nanenso ndinamvera wogulitsa. Koma nthawi imeneyo ndinalibe wondiuza, pano foni ili m'manja, bandulo mukugula ya TikTok tsiku lililonse, mphindi zisanu zokha kufufuza za chinthu chimene mwabweretsa m'nyumba zikukukanikani?

Alamu pomaliza anangoseka, "alamu inu nde muli ndi nthawi, tanki yonse nsomba imodzi yosadyedwa, bola chikanakhala chambo." Achemwali anandinong'oneza kukhitchini kuti ndibweretse tanki yanga yakale ija iwo aona pokaiika. Ndapititsa Lamlungu ndi hita yomwe, ndi siponji ya mu fyuluta yanga kuti tizilombo tija tisachite kuyambira pachiyambi. Kaya ichira kaya, mchira umatha kumeranso madzi akakhala abwino, koma kufooka kumene ndinakuona kuja sindikulonjeza.

Ndipo mtima womwewu ndi umene ndimauona pa agalu mu mzinda muno. Galu kumutsekera m'kabokosi ka malata tsiku lonse dzuwa lili phwee, osatha ndi kuimirira komwe, ati kuti aziluma akuba. Tiana ta agalu tikugulitsidwa m'mbali mwa msewu, munthu watinyamula m'mwamba ndi dzanja limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo opanda ndi madzi omwe, toti sitinasiye nkuyamwa komwe, ndipo wina amaimitsa galimoto nkugula, mawa abweretsa tina. Akalulu chimodzimodzi, kuwagwira makutu nkumawagwedeza pa zenera la galimoto. Kumaukwati nako ayamba kuika nsomba m'mavazi pa matebulo, pafupi ndi masipika, ukwati ukatha sindikudziwa amakazitaya kuti. Mxii.