Gitala yomweyo, maboma atatu: Kitwe, Bulawayo ndi Blantyre m'ma 1970

Anthu akamakamba za rock ya kuno kum'mwera kwa Africa, dzina loyamba kutuluka pakamwa ndi WITCH ya ku Zambia. Sindikutsutsa, anyamata aja ankaliza. Dzina lawo lenilenilo, We Intend To Cause Havoc, linkalonjeza chipwirikiti, ndipo woimba wawo Emmanuel Chanda ankadumpha ndi kudzipinda pa siteji mpaka anthu anamutcha Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger, woimba wa gulu la Rolling Stones. Koma ine ndimati nyimbo yaupandu weniweni m'zaka zimenezo sinachokere ku Copperbelt. Inachokera ku Bulawayo.

Ku Zambia boma linali kumbali ya oimba. Kenneth Kaunda, amene nayenso ankagwira gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dzikomo. Migodi ya kopa inkalipira, achinyamata a ku Kitwe ndi Ndola anali ndi kangachepe m'thumba, ndipo Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour komanso kampani ya Teal ankatulutsa zimbale. Mu 1975 mokha munatuluka Lazy Bones!! ya WITCH ndi Africa ya Amanaz. Paul Ngozi ankaimba m'Chinyanja choti wa ku Mchinji amve popanda womasulira. Tsitsi la afro, mabuluku otambalala kumiyendo, nsapato zazitali zidendene, zonsezo zinkaloledwa. Upandu wawo unali wosowetsa tulo makolo ndi abusa. Boma, ngakhale linali la chipani chimodzi, silinkawaona ngati adani.

Tsidya lina la Zambezi, ku Rhodesia (lero Zimbabwe), nkhani inali ina. Nduna yaikulu Ian Smith anali atadula ubale ndi Britain mu 1965 kuti azungu ochepa apitirize kulamulira, ndipo nkhondo inali m'tchire. M'makomboni a Bulawayo, woimba ng'oma Ebba Chitambo anasonkhanitsa anzake n'kupanga gulu lomwe analitcha Wells Fargo, dzina lomwe analitola m'nkhani za makauboyi a ku America. Ankasirira Jimi Hendrix ndi magulu a rock yolemera a ku Britain, zomwe mwa izo zokha zinali zonyumwitsa: mwana wakuda kuliza nyimbo zimene azungu ankaziyesa zawo, anthu amitundu yosiyana n'kumasonkhana kudzamvera.

Nyimbo yawo yotchedwa Watch Out inkachenjeza poyera kuti ufulu uli m'njira. Anthu anailandira ngati yawoyawo, apolisi nawo anaimva, ndipo gululo linalawa zibonga. Pofika poijambula, mawu oti ufulu anachotsedwa, m'malo mwake anaikamo chimphepo chachikulu chimene chikubwera. Apa ndiye pamene pamandisangalatsa. Kusinthako sikunapusitse munthu. Aliyense wa ku Makokoba kapena Mzilikazi ankadziwa chimphepo chomwe chinkanenedwacho, ndipo mawu obisikawo anangoiwonjezera ukali, chifukwa tsopano womvera aliyense anali m'gulu la odziwa chinsinsi. Wailesi ya boma inaikana. Chimphepocho chinafikadi mu 1980, pamene Zimbabwe inalandira ufulu.

Nanga kwathu ku Malawi? Ifenso tinali ndi anyamata odziwa gitala, ndipo Wambali Mkandawire anayambira m'gulu la Pentagon lomwe linkaimba za kunja. Koma mbewu imeneyi inagwera pathanthwe. Bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo linakhazikitsidwa mu 1968. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, amayi osavala buluku kapena siketi yaifupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa, ngakhale mlendo amene wangotsika ndege ku Chileka. Wailesi inali imodzi, MBC, wailesi yakanema kunalibe mpaka 1999. Ngati nyimbo ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa chabe chifukwa dzina la mkazi wotchulidwamo linkafanana ndi la Mayi Cecilia Kadzamira, ndani akanayerekeza kuimba za chimphepo? Smith ankalimbana ndi nyimbo imene yatuluka kale. Kamuzu ankaonetsetsa kuti woiimbayo asafike n'komwe poiganiza. Kudandaula kwathu kunabisala m'miyambi, m'ndakatulo za a Jack Mapanje amene anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, ndipo kutatulukira poyera m'nyimbo kunabwera ndi rege ya ku Balaka ndi ku Chileka, osati rock.

Chodabwitsa n'chakuti kumene rock inaleredwa ndi boma sinakhalitsenso. Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zogulira zimbale zinauma. Ndege za Smith zitayamba kuponya mabomba m'Zambia, lamulo loletsa kuyenda usiku linapha madansi, disko inalowa, kenako Edzi inatenga oimba ambiri. Jagari anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakakumba miyala yamtengo wapatali.

Magulu onse awiri, WITCH ndi Wells Fargo, anafukulidwanso ndi kampani imodzi ya ku America, Now-Again, yomwe inatulutsanso zimbale za WITCH ndipo mu 2016 inasonkhanitsa nyimbo za Wells Fargo. WITCH inadzuka, ikuzungulira Ulaya ndi America, mu 2023 inatulutsa chimbale chatsopano cha Zango. Wells Fargo, imene inamenyedwa chifukwa cha nyimbo, mukaitchula m'minibasi ku Blantyre kapena ku Lusaka anthu amakuyang'anani ngati mwatchula dzina la banki.