Aphunzitsi a zachuma, yezaninso kaphunzitsidwe kanu

Akatswiri a zachuma amakonda umboni. Ukawauza kuti feteleza wotsika mtengo akuthandiza alimi, amafunsa msanga kuti, "Manambala ali kuti?" Khalidwe limeneli ndimalilemekeza. Chondiwawa n'chakuti ambiri a iwo akalowa m'kalasi funsoli amalisiya pakhomo.

Ku America, William Becker ndi Michael Watts anayamba mu 1995 kufunsa aphunzitsi a zachuma m'mayunivesite za momwe amaphunzitsira. Anapeza kuti mphunzitsi wamba amatha pafupifupi 83 peresenti ya nthawi ya kalasi akulankhula yekha, choko kumanja, ophunzira ali duu kukopera. Kafukufukuyu anachitikanso mu 2000, 2005 ndi 2010, koma zinthu sizinasunthe kwenikweni.

Mwina wina anganene kuti palibe cholakwika, poti nafenso tinaphunzira choncho. Koma mu 2014 Scott Freeman ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 225 wa makalasi a sayansi, uinjiniya ndi masamu. Kumene mphunzitsi amangolankhula, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 alionse amalephera. Kumene ophunzira amakambirana ndi kulimbana ndi mafunso m'kalasi momwemo, olephera anali pafupifupi 22. Inde, sanali makalasi a zachuma, koma phunziro la zachuma ladzaza ndi masamu ndi magirafu omwewo. Ana 12 pa 100 alionse amene akupanga kusiyanaku ali ndi makolo amene anavutika kupeza fizi.

Palinso nkhani ya zimene zikuphunzitsidwazo. Mu November 2008, chuma cha dziko lonse chitagwedezeka, Mfumukazi Elizabeth inafunsa akatswiri ku London School of Economics chifukwa chake panalibe amene anaona vutoli likubwera. Patapita zaka zochepa ophunzira a ku Manchester anayambitsa gulu la Post-Crash Economics Society podandaula kuti maphunziro awo sakufotokoza zomwe akuona ndi maso. Mu 2013 Wendy Carlin ndi anzake anayamba ntchito yokonzanso maphunziro a zachuma yotchedwa CORE, ndipo buku lawo, lomwe limayamba ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka, lili pa intaneti ulere.

Kuno kwathu zitsanzo sizisowa. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Bunda anazimva yekha pa mtengo wa shuga, sopo ndi minibasi. Bwanji osawagawa ophunzirawo, ena akhale oitanitsa katundu kunja, ena alimi a fodya, ena a Reserve Bank, ena osintha madola mumsewu, n'kuwasiya atsutsane mpaka aone okha chimene chimabala mitengo iwiri ya dola? Girafu ibwere pambuyo, iwo ataimva kale nkhaniyo m'thupi.

Ndikudziwa kuti makalasi ndi aakulu ndipo aphunzitsi athu ali ndi ntchito yowapyola msinkhu. Komabe kuponya funso, n'kupatsa ophunzira mphindi zochepa kuti akambirane ndi woyandikana naye, sikulira ndalama.

Pempho langa kwa inu aphunzitsi athu ndi ili: yesani ophunzira semesita ikamayamba, muwayesenso ikamatha, muyerekeze njira yongolankhula ndi njira yokambirana, kenako mutiuze zimene mwapeza. Zotsatira za ku America tazimva. Tikufuna za m'makalasi a ku Malawi.