Burma anali ndani?

Loweruka lapitali ndinakwera minibasi ndi mwana wanga wamkazi kuchoka m'tauni kubwerera kwathu ku Chilenje. Kondakita anali pakhomo kukuwa, "Burma, Burma, Chilenje!" Mwanayu ali Grade 5, ndipo masiku ano chilichonse afuna achidziwe. Anandikoka chitenje nati, "Amayi, kodi Burma anali ndani? Anali a Pulezidenti?" Anthu a kumpando wakumbuyo anaseka. Ndinamuuza kuti Burma si munthu, ndi dziko lakutali kupitirira India, limene lero amati Myanmar, ndipo kumeneko ndi kumene ambuye anga, atate awo a amayi anga, anasiya thanzi lawo. Anakhala chete mpaka tinadutsa pa Arakan Barracks. Kenaka anafunsanso, "Nanga msewu wa dzina la ambuye wanuwo uli kuti?"

Funso limeneli landisowetsa tulo sabata yonse, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Tayang'anani maina a makampu a asilikali athu. Kuno ku Lusaka tili ndi Arakan, dera la m'mphepete mwa nyanja ku Burma. Ku Kabwe kuli Chindwin, womwe ndi mtsinje wa ku Burma komweko, ndipo ku Ndola kuli Kalewa, tauni ya m'mbali mwa mtsinjewo. Tug Argan ya ku Ndola ndi malo a mapiri ku Somaliland kumene anyamata a Northern Rhodesia Regiment analimbana ndi Ataliyana mu Ogasiti 1940, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ngakhale kwathu kum'mawa, kampu ya ku Chipata inatenga dzina la Gondar, mzinda wa ku Ethiopia umene unagwa mu Novembala 1941. Malo onse amene ana a m'midzi anakafera tinawasunga bwino, tinawalemba pa zikwangwani, makondakita amawakuwa tsiku ndi tsiku. Koma anthu amene anakafa kumeneko, maina awo ali kuti?

Ife kwathu ndi ku Katete, mudzi wa anthu olima chimanga, nsawa ndi thonje. Palibe m'banja mwathu amene anakhalapo bwana wa chilichonse. Koma mibadwo itatu yotsatizana tapereka mwamuna ku usilikali: ambuye, amalume, ndi mlongo wanga wamng'ono. Atatu onsewa palibe amene anapita chifukwa chokonda mfuti. Anapita chifukwa pakhomo panalibe ndalama.

Ambuye anatengedwa mu 1942. Amesenjala a boma anafika kwa anyakwawa ndi mawu akuti mudzi upereke amuna amphamvu, ndipo maso anagwa pa amene anali ndi ngongole ya msonkho. Ambuye anali mkamwini m'mudzimo, atangokwatira, mwana woyamba ali kumsana. Mkamwini wosauka amukanira ndani? Anayenda ulendo wa ku Fort Jameson, Chipata ya lero, ndipo kuchoka apo ambuye aakazi sanawaonenso zaka zinayi. Anakwera sitima ya pamadzi ku Mombasa kupita ku Ceylon, Sri Lanka ya lero, kumene anaphunzira nkhondo ya m'nkhalango, ndipo mu 1944 analowa ku Burma m'gulu lalikulu la 11th East African Division, limodzi ndi anyamata a ku Nyasaland, Uganda, Kenya ndi Tanganyika. Iwo anapatsidwa chigwa cha Kabaw, nthawi ya mvula yaikulu, pamene ena ankati nkhondo siingamenyeke. Anatsika chigwacho mpaka kufika ku Kalewa mu Disembala chaka chomwecho.

Ndili mwana ndinkayembekeza kuti atiuza za Ajapani, amene ankamenyana nawo kumeneko. Kawirikawiri sankawatchula. Ankanena za mvula yosakata, za nsapato zowolera kumapazi, za misundu imene inkalowa ndi m'malaya momwe, munthu n'kumaiotcha ndi fodya kuti igwe. Ankanena za malungo, za katundu wa pamutu m'matope ofika m'mawondo, za chakudya chogwetsedwa ndi ndege, za mpunga tsiku lililonse mpaka munthu kulota nsima. Ndipo ankanena za mnzawo wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene anamwalira ndi malungo n'kuikidwa patsinde pa mtengo, wokulungidwa m'bulangete. Dzina lake ankalitchula nthawi zonse, pang'onopang'ono, ngati akuitana munthu ali kuseri kwa nyumba. Ndikulidziwa, koma sindililemba pano chifukwa abale ake alipo ndipo sindinawapemphe. Kwa Achewa maliro opanda mtembo, opanda manda oti achibale n'kukaona, ndi bala losapola. Amayi ake a mnyamatayo anamwalira akufunsabe kuti mutu wa mwana wawo unaloza kuti.

Anabwerako mu 1946 ndi chijasi, bulangete, mamendulo ndi kandalama kamene anagulira njinga ndi nsalu za ambuye aakazi. Zaka ziwiri zisanathe ndalamayo inali itatha, chifuwa chokha ndicho chinatsala. Mu 2019 atolankhani anatulutsa chikalata cha boma la Britain chosonyeza mmene ndalama yothokoza asilikali inagawidwira nkhondo itatha: msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda wa udindo womwewo masheleni atatu ndi theka. Misundu sinasankhe khungu, chipolopolo sichinasankhe khungu, koma cholembera cha m'ofesi chinasankha. Ambuye anatsiriza moyo wawo wa ntchito ali mlonda pa nyumba yosungira katundu kuno ku Lusaka, atavala chijasi chomwecho usiku wa mu Juni, kuotha kamoto ka makala.

Mendulo yawo imodzi ili ndi ine, m'kachitini kamene ankasungiramo fodya. Ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, yamtundu wa mkuwa, pakati pali chisoti cha mfumu ndi mawu akuti The Burma Star. Kansalu kake ndi kofiira pakati, m'mbali muli mizere yabuluu ndi yachikasu chofiirira, ndipo njenjete zinadyako pakona. Mukaitembenuza, kumbuyo n'kosalala, kulibe dzina, kulibe nambala. Kunena chilungamo, ngakhale asilikali a ku Britain analandira zawo zopanda maina. Koma iwo kwawo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwala wolembedwa ana ake amene sanabwerere. Mendulo iyi ikangotayika m'manja mwathu, palibe chimene chidzasonyeze kuti munthu uyu anafikako ku Chindwin.

Ndipo izi sizinayambe ndi ambuye. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuno ku Africa, inathera m'dziko lathu lino, pamene mkulu wa asilikali a Jeremani, von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918. Amene ananyamula nkhondo imeneyo pamutu anali amtengatenga a m'midzi, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth linavomera lokha mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000 a nkhondo imeneyo, ochuluka a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo boma la Britain linapepesa. Chimene chinatsalira m'midzi ndi gule. Mukaona amuna akuvina mganda, atavala zoyera, ali pamzere, akuimba malipenga a zikho, mukuona perete amene makolo athu anabwera naye kuchokera ku nkhondo. Ngakhale Chinyanja chimene timalankhula m'Lusaka muno chinafala chonchi mwa zina chifukwa ndicho chinali chilankhulo cha usilikali ndi upolisi.

Ena adzati amenewo anali asilikali a atsamunda, ankamenyera mfumu ya eni ake, tiwakumbukirenji. Ndawamva mawu amenewa, ndipo amandiwawa. Mnyamata wa zaka makumi awiri amene watengedwa chifukwa cha msonkho sanasankhe mfumu. Koma chabwino, tiyeni tikambe za amene anamenyera mbendera yathu.

Amalume analowa Zambia Army kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, sukulu itawathera pa Grade 7. Mu Januwale 1973 Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia, Zimbabwe ya lero, anatseka malire a dziko lake ndi lathu, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo unali wa m'mbali mwa Zambezi, m'tchire lotentha, m'misewu yokwiriridwa mabomba. Achinyamata a lero amakonda kunena kuti Zambia sinaonepo nkhondo. Kafunseni anthu a ku Kavalamanja, m'boma la Luangwa, zimene zinachitika mu Malichi 1978 asilikali a Rhodesia atawoloka. Kafunseni achikulire a kuno ku Lusaka za pa 19 Okutobala 1978, pamene ndege zinaphulitsa kampu ya ZIPRA, asilikali omenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Chikumbi, kumpoto kwa mzinda uno, ndi za 1979 pamene nyumba ya mtsogoleri wawo Joshua Nkomo inagwetsedwa m'kati mwa Lusaka ndipo milatho, kuphatikizapo wa Chambeshi, inaphwasulidwa. Dziko lino linalipira ufulu wa anansi athu, ndipo amene anagona m'maenje nthawi imeneyo anali ana a alimi ngati amalume. Anabwerako khutu limodzi losamva. Chitseko chikamenyeka mwamphamvu ankadzidzimuka n'kutuluka panja.

Atamwalira, akazi awo, amene ife timati azakhali, anayamba ulendo wa ndalama za amuna awo. Kuchoka ku Katete kufika kuno ndi pafupifupi makilomita 500, basi ya tsiku lonse, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kukwera mapiri aja. Ankagulitsa thumba la nsawa kuti apeze yokwerera, n'kudzagona pamphasa m'nyumba mwathu. M'mawa ndinkawaperekeza ku ofesi ina m'tauni, mapepala atawakulunga m'pulasitiki, atawamanga m'chitenje pachifuwa. Tinkakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Yankho linali lakuti faelo sikuoneka, kapena amene amasaina palibe, bwerani mwezi wamawa. Tsiku lina anaimirira, nati kwa mnyamata wa pawindo, "Mwananga, amuna anga powatuma kumalire sanawauze kuti bwerani mwezi wamawa." Mnyamatayo anangowerama. Ndalamazo zinatuluka patapita zaka, zitatha mphamvu, ana awiri atasiya kale sukulu.

Mlongo wanga anamaliza Grade 12 bwinobwino. Anakhala zaka zingapo akuchita maganyu, kuumba njerwa, kugulitsa m'kantemba ka munthu wina. Atamva kuti akulemba asilikali anakaima pamzere kuyambira mbandakucha, pakati pa anyamata ambirimbiri onyamula ma envelopu a khaki. Amayi analira, chifukwa iwo ndi mwana wa msilikali komanso mlongo wa msilikali, akudziwa chimene yunifomu imabweza. Pambuyo pake anatumizidwa ku Birao, ku Central African Republic, kumene asilikali athu amasungitsa mtendere pansi pa United Nations. Chaka chimenecho amayi sankagona bwino mpaka nditawaimbira kuwauza kuti mwana wawo watumiza mawu pa WhatsApp. Iwo amakumbukira za mu 2000, pamene asilikali a Zambia anagwidwa ndi zigawenga ku Sierra Leone, ndipo amadziwa kuti ena amabwerako m'bokosi lokutidwa ndi mbendera. Mlongo wanga anabwerako wamoyo, ndipo ndalama zake zinafolera nyumba ya amayi ndi malata. Anthu odutsa amayamikira malatawo. Ine ndikawaona ndimakumbukira njinga ya ambuye.

Sindikunena kuti msilikali aliyense ndi wolungama. Alipo amene anazunza anthu wamba, ndipo amenewo ayankhe milandu yawo. Chimene ndikukana ndi chakuti banja losauka lizipereka mwana m'badwo uliwonse, dziko n'kusunga dzina la phiri ndi mtsinje wa kutali, la mwanayo n'kulitaya. Chaka chilichonse mu Novembala akuluakulu amasonkhana pa Cenotaph, chipilala chokumbukira amene anafa ku nkhondo, kuika nkhata za maluwa, lipenga n'kulira, ndipo n'zoyenera. Koma amayi anga sanaitanidwepo, azakhali sanaitanidwepo. Ambuye aakazi amene analima okha zaka zinayi, mwana kumsana, kudenga kukudontha, palibe lipenga linawalirirapo.

Ndikufuna pa boma lililonse, ku Katete, ku Petauke, ku Chadiza, ku Lundazi ndi kwina konse, pakhale khoma lolembedwa maina a ana a m'deralo amene anapita ku nkhondo, kuyambira amtengatenga mpaka a ku Birao, ndi midzi yawo. Mafumu ndi anyakwawa angathandize kusonkhanitsa mainawo achikulire odziwa asanathe. Ndikufuna mwana wa sukulu wa ku Kabwata kapena ku Libala adziwe chifukwa chake msewu umene amawoloka m'mawa uliwonse umatchedwa Burma. Ndipo mkazi wamasiye wa msilikali alandire zake ku boma lakwawo, asagulitsenso nsawa kuti adzakhale pabenchi ku Lusaka.

Lamlungu titachoka ku tchalitchi ndinatulutsa kachitini kaja n'kumupatsa mwana wanga. Anaitembenuzatembenuza nyenyeziyo, kufunafuna dzina. Kenaka anang'amba pepala m'kope lake, ndipo tinaimbira amayi kumudzi. Ndinati, "Amayi, mdzukulu wanu akufuna maina a onse a m'mudzi mwathu amene anapita ndi ambuye." Anayamba ndi atate awo, dzina la ubwana, la chikhristu ndi mfunda womwe. Anatchula wachiwiri, wachitatu, ndi uja wa patsinde pa mtengo. Mwanayo akulemba, akufunsa kalembedwe kake. Pa wachisanu ndi chimodzi amayi anaima nthawi yaitali, ndikumva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo. Anati, "Panali winanso, wa kutsidya kwa dambo, wamtali, ankaimba bwino mganda. Musatseke pepalalo. Ndikafunse kwa anyakwawa mawa."